Mtsikana Amene Ankamutcha Wanenepa

Zipporah Miti anagwa Loweruka masana pabwalo la tchalitchi ku Ndeke, mumzinda wa Kitwe, nyimbo ili pakati. Anali pamzere ndi atsikana ena asanu, akuphunzira masitepe okavina pa ukwati wa msuweni wake Racheal. Anzake atatembenukira kumanzere, iye anangoti pansi khu! Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, koma mtsikanayo anali atavala majuzi awiri.

Amayi awiri amene anamunyamula kuti akamugoneke pamthunzi anayang'anana modabwa. Munthu wa zaka 19 sapepuka choncho. Anamuwaza madzi, anamukupiza ndi chitenje, koma iye zii. Anadzatsegula maso ali kale m'chipatala, botolo la madzi likudontherera mumtsempha, mayi ake atagwada pambali pa bedi.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi pa foni, khalani bwino, chifukwa foni yomweyo ilimo. Ndipo tinenetu poyamba kuti mtima wanu ukhale m'malo: Zipporah ali moyo, ndipo ku Buchi timamutchula mutu uli m'mwamba. Koma tsiku limenelo anatsala pang'ono kutisiya, ndipo zonse zinayamba ndi mawu amodzi, onenedwa ndi munthu womukonda.

Miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo, pa Isitala, kunyumba kwawo ku Buchi, mu Kitwe momwemo, kunafika mlendo wochokera ku Katete. Anali Anti Felistas, mlongo wa malemu bambo ake, amene anali asanamuone kwa zaka zisanu. Atangomuona, anaponya thumba la mtedza pageti, nathamanga, namugwira mkono pamwamba pa chigongono. Anayesa kuuzunguliza ndi chala chachikulu ndi chapakati. Zala sizinakumane. Mayiyo anaimba nthungululu n'kuyamba kuvina pomwepo.

"Mayo ine! Wanenepa, mwana wa mlongo wanga! Amulamu, tulukani muone, mwanisungira bwino mwana! Wanenepa!"

Kwawo kwa Anti Felistas, palibe chiyamikiro choposa chimenechi. Munthu akakuuza kuti wanenepa, akunena kuti ukudya, sukudwala, kumene ukukhala akukusamala. Koma mnzake wina wa Zipporah anali akujambula ndi foni. Anadula kanemayo, nawonjezeramo phokoso la anthu oseka, namuponya pa masamba a mchezo. Pofika mawa lake anali atazungulira Kitwe yonse mpaka kukafika ku Ndola.

Anthu amene sanamuonepo, osadziwa ngakhale dzina lake, analemba pansi pa kanemayo zinthu zoti sangazinene pamaso pa amayi awo. Panjira ana ankamukuwa kuti "Wanenepa!" Makondakitala a minibasi, amene pakamwa pawo sipapuma, ankamuuza m'Chibemba kuti alipire mipando iwiri. Zipporah ankaseka nawo, poti nanga akanatani, koma akafika kunyumba ankadzitsekera kuchipinda n'kuonanso kanemayo kakhumi.

Musaganize kuti mtsikanayu anali ndi vuto lililonse. Thupi lake linali la kwawo, mapewa a bambo ake, chiuno cha mayi ake, manja otha kunyamula chidebe cha ufa osapumira. Koma foni inayamba kumuphunzitsa zina. M'mawa asanasukusule ankayamba wayang'ana atsikana a m'chiuno ngati mavu, ndipo foni, mwaidziwa, ukayang'ana mmodzi imakubweretsera khumi. Pakati pawo pankadutsa ogulitsa tiyi wowondetsa, akulonjeza zodabwitsa m'masiku ochepa.

Pa onsewo, amene anamulowa mumtima anali Thandi, mtsikana wa ku Kanini ku Ndola, amene anthu zikwizikwi ankamutsatira. Tsiku lina Thandi analemba pansi pa chithunzi chake nambala ya muyeso wa chiuno chake. Zipporah anaisunga nambalayo pamtima kuposa vesi loloweza.

Ndiye Racheal atamusankha kuti akhale pamzere wa ovina pa ukwati, telala anapempha kuti aliyense atumize miyeso yake pa foni. Anzake anadziyeza ndi tepi. Zipporah anangolemba nambala ya Thandi. Diresi linabwera, lobiriwira, lokongola kwambiri, koma zipi inathera pakati pa msana. Analikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko. M'malo moti alibweze kwa telala akalikulitse, anatsimikiza mtima kuti achepetsa mwini wake.

Koma chakudya ungachikane bwanji m'nyumba ya mayi ake, Amayi Dainess, mayi wokazinga vitumbuwa mumsika wa Buchi, amene mwana wa woyandikana naye akangodutsa amamufunsa ngati wadya? Zipporah anapeza khomo limodzi lokha limene mayi ake sakanalitseka.

"Amai, nili pa kusala," anatero. "Nipempherera ukwati wa Racheal, na kuti nipeze malo ku koleji."

Amayi Dainess ndi mayi wa Chigwirizano, gulu la amayi a mumpingo, ndipo mtima wawo unadzaza ndi chimwemwe. Anakauza anzawo kuti pamene ana a anthu akuthamangira kumabala, wawo akusala kudya. Ndani angakakamize munthu wosala kuti adye? Masiku atatu anasanduka sabata, sabata inasanduka masabata. Kusala kumodzi kukatha, Zipporah ankakhala atapeza kale china choti apempherere. Baibulo linali lotsekula patebulo, koma maso ake anali pa diresi lija.

Tsitsi linayamba kutsalira m'chipeso. Kumwezi kunasiya. Ankazizidwa anthu ena akutuluka thukuta, ndipo akaimirira msanga dziko linkazungulira. Oyandikana nawo anayamba kunong'ona za matenda aja amene anthu satchula dzina. Koma pa foni, anthu omwe aja amene ankamuseka anayamba kumuombera m'manja, amvekere tsopano wayamba kuoneka. Chomvetsa chisoni n'chakuti iye akaima pagalasi ankaonabe mtsikana wa mukanema uja, wosasintha ngakhale pang'ono.

Umu ndi mmene anafikira pabwalo la ku Ndeke lija.

Kuchipatala anamuyeza magazi, anamuyeza malungo, shuga, chifuwa chachikulu ndi matenda aja omwe. Sanapeze kanthu. Amayi Dainess anakweza manja kuthokoza Mulungu, kenako anawatsitsa mwamantha. Ngati si matenda, ndiye kuti pali munthu amene wamuchita chipongwe mwana wawo.

Amene anamasula mfundoyo anali namwino wina wachikulire, Sisitala Harriet, wakwawo ku Petauke. Atamva kuti mayi ndi mwana akulankhulana Chinyanja, anasiya Chibemba, nakoka mpando. Sanafunse kuti ukumva kupweteka pati. Anafunsa kuti, "Mwana wanga, ukayang'ana pagalasi, umaona ndani?"

Zipporah analira mpaka pilo ananyowa, ndipo zonse zinatuluka: kanema, nambala, diresi, ndi kusala kumene kunalibe pemphero.

"Amai," anatero Sisitala Harriet kwa Amayi Dainess, "palibe wamulodza. Aya ni matenda, ndipo ali na dzina. Munthu amayopa chakudya monga mmene imwe muyopera njoka."

"Si ya azungu iyo? Ife kuno tiziwa njala chabe. Mwana wanga akane kudya mu nyumba muli chakudya?"

"Nanga foni ili m'manja mwake ni ya azungu okha? Mverani bwino. Mtima wake wafooka. Akapitiriza so, Khirisimasi sazaiona."

Amayi Dainess anakhala pansi, pasimenti penipeni. Chimene chinawapweteka koposa n'chakuti kwa miyezi yonseyo anali akunyadira chinthu chimene chinali kupha mwana wawo pamaso pawo.

Ukwati wa Racheal unachitika Zipporah ali chigonere. Tsiku limenelo analira, koma osati chifukwa cha ukwati. Pamaso pake panali kambale ka phala, ndipo supuni inkamulemera ngati khasu. Ankafuna kukhala moyo, komanso ankaopa phalalo ndi mtima wake wonse. Anameza masupuni atatu. Sisitala Harriet anamuuza kuti walimbana ngati msilikali, ndipo sankamunyengerera ayi, ankanena zoona.

Uthenga utafika ku Katete, Anti Felistas anakwera basi mawa lake. Atamva kuti chiyambi cha zonsezi ndi mawu awo aja, anagwada pakhonde la nyumba ku Buchi, mayi wamkulu wa imvi, pamaso pa mwana wa mlongo wake.

"Pakamwa panga apa ndiye pakulasa? Nalumbira pamaso pa Mulungu, mawu amene aja sinidzawanenanso mpaka kumanda."

Anakhala ku Buchi miyezi itatu, munda wawo atausiyira ena nyengo yodzala. Poyamba ankamuima pamutu ndi mbale, kumukalipira ndi kumuchonderera, mpaka Sisitala Harriet anawadzudzula kuti munthu wodwala matendawa sachira ndi phokoso. Anawauza kuti azingokhala naye pafupi. Ndiye nthawi iliyonse ya chakudya Anti Felistas ankayala mphasa pakhonde, n'kumasenda mtedza pambali pake, osayang'ana m'mbale. Zipporah akatenga ola lathunthu kuti amalize mbatata imodzi, iwonso ankakhala ola lathunthu.

Masana ena Zipporah anawafunsa chimene chinkamuvutitsa. "Anti, n'chifukwa chani munanigwira pa mkono tsiku lija?"

Anti Felistas anasiya kusenda. Anati chaka china cha njala, Zipporah asanabadwe, iwo anali ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi. M'mawa uliwonse ankamuyeza mkono ndi zala ziwiri, kuti aone ngati thupi likubwerera. Tsiku lililonse zala zinkapitirirana.

"N'namuika m'manda zala zikali kupitana. Kuchokera pamenepo, mwana aliyense wa m'banja mwathu nimamugwira pa mkono. Zala zikakana kukumana, nimavina. Ine sin'naone mafuta pa iwe, mwana wanga. N'naona kuti uyu sitimuika."

Zipporah anakoka mbale ija pafupi, namaliza zonse zimene zinatsala, misozi ikugwera momwemo.

Tisanamizane kuti anachira tsiku lomwelo. Matenda amenewa ndi ouma khosi. Kawiri pamwezi ankakwera minibasi kupita ku Ndola kukaonana ndi mlangizi amene Sisitala Harriet anamupezera. Panali masabata abwino, panalinso masabata amene ankabisa chakudya n'kunama, kenako n'kukaulula yekha mwamanyazi. Foni anaipereka kwa mayi ake kwa miyezi itatu. Atailandiranso, anachotsamo ndi chala chake onse amene ankamuchititsa kudziona wonyansa. Chaka chinatha asanayambe kudya osawerengera m'mutu.

Mphamvu zitabwerera, anapeza ntchito ku Ndola, mu situdiyo yojambula zithunzi ya Bambo Lighton, mlamu wake wa Sisitala Harriet. Ntchito yake inali kusesa, kukonza mipando ndi kugwira nyali. Ndipo kumeneko, Lachiwiri lina m'mawa, chitseko chinatseguka n'kulowa Thandi.

Zipporah anatsala pang'ono kugwetsa tsache. Anali yemweyo, nkhope yomweyo, koma anali munthu ngati anthu ena onse. Anali ndi mikono, anali ndi mimba, anali ndi kachiphuphu pachibwano, ndipo m'manja ananyamula chimanga chowotcha. Atamaliza kujambulitsa, anaima kumbuyo kwa Bambo Lighton pa kompyuta n'kuloza ndi chisononkho.

"Ba Lighton, apa chepetsani monga masiku onse. Na apa futi."

Bambo Lighton anakoka pang'ono, chiuno n'kulowa mkati. Anakokanso, mimba n'kuzimiririka. Felemu la chitseko limene linali kumbuyo kwa Thandi pachithunzipo linapindika, ndipo iwo analiwongola bwinobwino kuti anthu asazindikire. Ntchito yonseyo sinatenge mphindi zisanu.

Zipporah analimba mtima, namufunsa. "Ba Thandi, ija nambala ya chiuno munalemba, ni yanu?"

Thandi anaseka mpaka kutsamwa. "Iwe, ija nambala ningaikwanise ine? Nifuna kufa?" Kenako nkhope yake inagwa pang'ono. "Nikaika chithunzi changa cheni-cheni, banitukwana. Manje nichite bwanji?"

Zipporah anatuluka panja, nakhala pamasitepe. Anaseka, kenako analira, kenako anakwiya ndi mkwiyo umene anali asanaumvepo. Iye anatsala pang'ono kulowa m'manda chifukwa cha chiuno chimene ngakhale mwini wake alibe. Atabwerera mkati anapempha Bambo Lighton kuti amuphunzitse kamera.

Anaphunzira mwakhama loti abwana ake ankachita kumuthamangitsa kuti akapume. Anaphunzira kuwala, anaphunzira kuseketsa munthu wamanyazi mpaka aiwale kuti akujambulidwa. Patatha zaka ziwiri anabwerera ku Buchi n'kutsegula kachipinda kake pafupi ndi msika, moyang'anana ndi pamene mayi ake amakazingira vitumbuwa. Wolemba zikwangwani atamufunsa dzina la situdiyo, anamuuza. Bamboyo anafunsa kachiwiri, kuganiza kuti sanamve bwino.

Amayi Dainess ataona chikwangwanicho anagwira pakamwa. Panalembedwa zilembo zikuluzikulu zofiira kuti WANENEPA.

"Mwana iwe, dzina lokunyoza nalo, ulipachike wekha pa chitseko?"

"Amai, siinali nyozo. Anti ananipatsa monga dalitso, anthu ndiye anaiba. Nabweza chabe chinthu changa."

Pakhoma mkatimo anamata lamulo limodzi: kuno timakonza kuwala, sitikonza thupi. Miyezi yoyamba makasitomala ambiri ankawerenga lamulolo n'kutembenukira pakhomo pomwepo. Anthu ankati mtsikanayu akudziphera yekha bizinesi. Iye sanasunthe.

Zinthu zinatembenuka ndi mkwatibwi wina wa ku Ndeke, mtsikana wathupi, amene anabwera akupepesa ngati walakwira munthu, kupempha kuti amubise mikono. Zipporah anamuuza kuti ayambe waona kaye zithunzi, akadana nazo sadzamukakamiza kuzitenga. Anamujambula akuseka ndi mutu wonse kumbuyo, mikono yomweyo itakumbatira mayi ake. Mkwatibwiyo ataziona anati, "Kansi ndine wokongola so?" Zithunzizo zinayenda pa mafoni omwe aja amene kale anayendetsa kanema wonyoza, ndipo kuyambira pamenepo Loweruka la Zipporah silikhala lopanda ukwati.

Lero amamuitana m'masukulu a ku Kitwe ndi ku Ndola, ndiponso kumisonkhano ya Chigwirizano. Sanyamula mapepala. Amanyamula diresi lobiriwira lija, n'kulikweza m'mwamba kuti onse aone zipi imene sinatsekepo. Amaonetsa atsikana pa kompyuta mmene chiuno chimachepetsedwera m'mphindi zisanu, ndipo iwo amakuwa ngati aona matsenga. Amauza amayi kuti mwana akati akusala, azigwada naye limodzi, ndipo azimufunsa kuti kusalako kutha liti. Amayi Dainess amakhala kutsogolo, ndipo mbali imeneyo amaifotokoza okha, mosadzibisa. Atsikana angapo apita kwa Sisitala Harriet atamva nkhaniyi, nthawi isanathe.

Zipporah sabisa kuti mawu akale aja nthawi zina amamunong'onezabe akaima pagalasi. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano amawadziwa kuti ndi abodza, ndipo amadziwa woti amuimbire foni.

Chaka chatha, nthawi yokolola itapita, Anti Felistas anabweranso ku Buchi ndi thumba lina la mtedza. Iwo sadziwa kuwerenga, choncho anadutsa pansi pa chikwangwani chija osadziwa chimene chikunena. Zipporah anatuluka kamera ili pakhosi. Dzanja la mayiyo linapita lokha pamkono, monga mwa chizolowezi chake. Chala chachikulu ndi chapakati zinayesa kuzungulira.

Sizinakumane.

Mapazi a Anti Felistas ankafuna kuvina, koma iwo anadziluma mlomo n'kuyang'ana kumbali, chifukwa analumbira pamaso pa Mulungu. Amayi Dainess anasiya vitumbuwa pamoto n'kuima chapatali.

"Kambani, Anti," anatero Zipporah.

"Iyayi, mwana wanga. N'nalumbira."

"Munalumbira chifukwa cha ine, ndipo ndine nakumasulani. Yang'anani pamwamba pa chitseko. Vilembo vofiira ivo ni mawu yanu. Nifuna niyamve pakamwa panu."

Mayiyo anayang'ana chikwangwani, anayang'ana mtsikanayo, misozi ili chuchuchu. Mawu anatuluka motsika, ngati pemphero.

"Wanenepa, mwana wa mlongo wanga."

"Zikomo, Anti," anayankha Zipporah.

Nthungululu imene inamveka tsiku limenelo inatulutsa anthu mumsika wa Buchi, ndipo vitumbuwa vija vinapserera popanda wodandaula.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina muli ndi diresi lanu kuseri kwa chitseko, kapena nambala ya munthu wina imene mwaisunga pamtima. Thupi lanulo si cholakwa choti chikonzedwe pa kompyuta. Ngati mbale yayamba kukuopsani, musadikire kugwa pabwalo: uzani munthu mmodzi lero, ndipo pitani kuchipatala. Mtima usakugweni poona kuti mwangokwanitsa masupuni atatu. Zipporah nayenso anayambira pa atatu omwewo.